Mwana woloza ndege asasekedwe

Ndege ikamadutsa pamwamba pa mudzi, ana amasiya zonse. Wina amasiya mtondo, wina amasiya mbuzi, onse maso kumwamba. Amaithamangira mpaka kumapeto kwa munda ngati kuti aigwira. Ikazimiririka kuseri kwa phiri, anzake n'kubwerera, pamakhala mwana mmodzi amene amatsala ciimire. Madzulo pa mphasa mwana ameneyo amati: "Ababa, ine ndikadzakula ndidzayendetsa ndege." Akulu amaseka. Amalume amati: "Yamba wadziwa kupalasa njinga." Agogo amati: "Zimenezo n'za azungu, mwanawe. Ife kwathu ndi khasu." Mwanayo akakhala wamkazi, kuseka kumakulirapo.

Kuseka kumeneku n'kolakwa, ndipo kumaononga. Kuyendetsa ndege si matsenga, si mwai wa mtundu umodzi wa anthu ai. Ndi nchito yophunzira, monga kusoka pa makina kapena kupalasa bwato pa nyanja. Ili ndi aphunzitsi ake, mabuku ake ndi mayeso ake. Wopambana amalandira ciphaso. Ciphaso coyamba ndi ca woyendetsa ndege yaing'ono mosalipidwa, amene pa Cipwitikizi amachedwa piloto particular. Mu Moçambique cimaperekedwa ndi Instituto de Aviação Civil de Moçambique. Zimene wophunzira amadutsamo kuti acipeze n'zoyenera kuti banja lonse lizimve, pakuti zambiri zimayambira pa zimene mwana wa kalasi yoyamba ali kucita lero lino ndi pensulo yake.

Wophunzira amayambira kwa dokotala, ndege asanaikhudze n'komwe. Dokotala amayesa maso, makutu ndi mtima. Wovala magalasi amaloledwa, malinga aziona bwino atawavala. Amayesanso ngati munthu amasiyanitsa mitundu, makamaka yofiira, yobiriwira ndi yoyera, cifukwa nyali za ndege ndi za pa bwalo zimalankhula ndi mitundu imeneyi. Ku phiko la kumanzere kuli nyali yofiira, ku phiko la kumanja kuli yobiriwira. Apa makolo ali kale ndi mbali yao. Khutu la mwana likamatuluka mafinya, n'kumangolisiya osapita nalo ku cipatala, likhoza kugontha. Maso odwala osasamalidwa akhoza kuonongeka. Malamulo a maiko ambiri amalola munthu kulandira ciphaso cimeneci akakwanitsa zaka 17. Koma khomo limene likanatseguka pa zaka 17 likhoza kutsekeka pa zaka 6, popanda wodziwa.

Tsiku loyamba pa bwalo la ndege wophunzira amadabwa. Iye anaganiza kuti angokwera n'kunyamuka. Koma mphunzitsi amamuzungulitsa ndege ili pansi. Ndege zophunzirira ndi zazing'ono. Cessna 152 ili ndi mipando 2, Cessna 172 ili ndi mipando 4, ndipo anthu awiri akhoza kuikankha ndi manja. Wophunzira amagwira mapiko. Amayang'ana matayala. Amatsegula pa injini kuona ngati oilo alimo wokwanira. Amakwera kukasuzumira m'thanki ndi maso ake, ngakhale wochi ya m'kati ikuonetsa kuti mafuta alimo, pakuti wochi ikhoza kunama. Ndiye amatapa mafuta pang'ono m'kabotolo koonekera n'kukakweza ku dzuwa. Mafuta a ndege zotere ali ndi mtundu wonga wa thambo. Madzi amalemera kuposa mafuta, cotero ngati alowamo amakhala pansi pa kabotolo ngati timikanda. Timadzi timeneto tikhoza kuzimitsa injini ndege ili m'mwamba.

Zimenezi amazicita asananyamuke ulendo uliwonse, ngakhale atakalamba pa nchito. Ndipo sazicita za pamtima. Ali ndi pepala la mndandanda. Amawerenga mzere umodzi n'kucita cimene wanena, kenaka amawerenga wina. Wa phuma, wolumpha mizere, mphunzitsi amamubweza kuti ayambirenso. Mwana amene lero ali kuloza zilembo ndi cala, ma, me, mi, mo, mu, osalumpha ngakhale cimodzi, wayamba kale phunziro limeneli.

M'ndege yophunzirira muli ziongolero ziwiri, ca wophunzira ndi ca mphunzitsi. Cina cikakhotera kumanja, cinzake cimatsatira. Wophunzira amakhala kumanzere, pa mpando wa mwini ulendo, kuyambira tsiku loyamba. Ndege ikakhala pansi imaongoleredwa ndi mapazi, osati ndi manja, ndipo ambiri poyamba amayenda mokhotakhota ngati mwana wa ng'ombe wobadwa kumene. Ponyamuka imayang'anana ndi mphepo. Pa bwalo pali thumba lalitali la nsalu lomangidwa pa mlongoti, loonetsa kumene mphepo ikucokera. Ndege ikathamanga kufika pa liwiro la makilomita ngati 100 pa ola, wophunzira amakoka ciongolero pang'ono, mphuno imadzuka, matayala n'kusiya nthaka. Cimainyamula n'ciani? Mapiko amakankhira mpweya pansi, mpweya n'kukankhira mapiko m'mwamba. Mwana akhoza kuzimva yekha. Agwire licero pa mphepo yamphamvu n'kulipendeketsa pang'ono. Adzamva likufuna kukwera.

Mphunzitsi sabisa zoopsa. Amazionetsa dala, ali pamwamba kwambiri pamene pali mpata wokonza. Amauza wophunzira kuti adzutse mphuno mopitirira muyeso mpaka mapiko aleke kunyamula, ndege n'kuyamba kutsika yokha. Mtima umati koka! Koma cofunika ndi kukankha, kutsitsa mphuno kuti mpweya uyambenso kuyenda bwino pa mapiko. Amabwereza mpaka manja atazolowera kusamvera mantha. Tsiku lina mphunzitsi amacepetsa mphamvu ya injini mwadzidzidzi n'kunena kuti: "Injini yafa. Mutera pati?" Ndege yozima injini sigwa ngati mwala. Imatsetsereka ngati kabawi wosakupiza mapiko. Cessna 172 ikakhala kilomita imodzi kucokera pansi ikhoza kuyenda makilomita pafupifupi 9 isanafike pa nthaka. Wophunzira ayenera kusankha msanga dambo louma kapena munda wosalala, wopanda mitengo ndi zulu.

Kutera ndiko kovuta koposa. Wina amatera molimba, ndege n'kudumpha ngati mpira. Wina amayandama mpaka msewu wa ndege utatsala pang'ono kutha. Amanyamuka, amazungulira bwalo, amatera, amanyamukanso, kambirimbiri, thukuta lili kamukamu. Ndiye tsiku lina, kawirikawiri atauluka maola pakati pa 10 ndi 20, mphunzitsi amatsegula citseko n'kutsika. "Pitani nokha. Muzungulire kamodzi, mubwere." Mpando wa kumanja ulibe munthu. Ndege yapepuka, ikukwera msanga kuposa masiku onse. Palibe wofunsa. Oyendetsa ndege okalamba amaiwala maulendo ambiri, koma umenewu sauiwala.

Bungwe la maiko onse loona za ndege, ICAO, linaika muyeso wa maola 40 a m'mwamba kuti munthu alandire ciphaso coyamba. Maiko ena amafuna 45. Ophunzira ambiri amapitirira pamenepo, ena mpaka 60 kapena 70, ndipo si manyazi. Ola lililonse limalembedwa m'buku. Pa maola amenewa, 10 ayenera kuuluka ali yekha, ndipo 5 mwa 10 amenewo akhale a maulendo a kutali. Ulendo umodzi ukhale wa makilomita 270 kapena kuposa, atere pa mabwalo awiri osiyana. Mtunda umenewu uposa wocoka ku Tete kufika ku Ulongué.

M'mwamba mulibe zikwangwani, mulibe munthu wolima m'mbali mwa njira woti n'kumufunsa. Muli mapu, kampasi ndi wochi. Masiku ano kulinso GPS, koma mayeso amafuna kuti munthu adziwe njira ngakhale makinawo atazima. Wophunzira amalemba mzere pa mapu asananyamuke. Ali m'mwamba amafuna pansi zimene zili pa pepala: mtsinje wa Zambeze, milatho ya ku Tete, njanji ya ku Moatize, phiri la Dómuè. Amawerengeranso mafuta. Ngati ndege imamwa malita 30 pa ola, ulendo wa maola 3 ufuna malita 90, kuonjezapo ena osungira tsoka. Amawerengera kulemera kwa anthu ndi katundu. Kukatentha ngati ku Tete mvula isanayambe, kapena malo akakhala okwera ngati Angónia, mpweya umapyapyala, ndipo ndege imafuna msewu wautali kuti inyamuke. Ngakhale manambala akuluakulu olembedwa kumapeto kwa msewu wa ndege ali ndi tanthauzo. 09 ndi msewu woloza kum'mawa, 27 kumadzulo, 36 kumpoto, 18 kumwera. Onsewa ndi masamu omwewo amene amayamba ndi timiyala ndi timitengo m'kalasi yoyamba.

Pa za nyengo, mwana wa kumudzi ali patsogolo pa wa mumzinda. Wakula akumva akulu akuwerenga mitambo. Woyendetsa ndege wa ciphaso coyamba amauluka poona nthaka. Saloledwa kulowa m'mitambo asanaphunzire maphunziro ena oonjezera. Mitambo yaitali yakuda ya m'dzinja, ndege yaing'ono imaithawira kutali. Ciperoni cikaphimba mapiri, ndege imakhala pansi. Msodzi wa ku Metangula amadziwa kuti mwera ukakalipa bwato silicoka pa gombe, ngakhale nsomba zikhale zambiri bwanji. Woyendetsa ndege wabwino ali cimodzimodzi. Amayang'ana kumwamba n'kunena kuti: "Lero sindipita." Mau amenewa ndi ovuta kunena pamene anthu afika kale ndi katundu wao, ndipo aphunzitsi amalemekeza wophunzira amene amawanena.

Pali makolo amene amafunsa kuti: "Ngati ndege zimalankhula Cingerezi, mwana atayirenji nthawi ndi Cinyanja? Aphunzitsi amupatse Cipwitikizi cokhacokha kuyambira tsiku loyamba." Funso limeneli n'lomveka, ndipo theka lake n'loona. Pa wailesi ya ndege Cingerezi ndico cilankhulo ca maiko onse, ndipo kuyambira 2008 ICAO imafuna kuti woyendetsa ndege wodutsa malire ayesedwe Cingerezi. Ngakhale zilembo amaziphunziranso mwatsopano. A amati Alfa, B amati Bravo, C amati Charlie, kuti mau asasokonezeke m'phokoso la injini. Ndege za Moçambique zimalembedwa dzina loyamba ndi C9, ndipo munthu ayenera kudziwa kulichula pa wailesi. Tsono mwana wa ku Angónia wofuna ndege adzafuna zilankhulo zitatu, osati cimodzi.

Koma makolo amenewo akumbukire kuti mphunzitsi wa ndege uja sanatsike tsiku loyamba. Anakhala pambali, dzanja lili pafupi ndi ciongolero, mpaka wophunzira atamvetsa. Mwana wa zaka 6 wouzidwa zonse m'cilankhulo cimene sanacimvepo ali ngati munthu wosiyidwa yekha m'ndege tsiku loyamba. Amaloweza mau, amawabwereza ngati cinkhwe, koma akafunsidwa tanthauzo amangoti duu. Ku ndege munthu woloweza osamvetsa ndi woopsa, pakuti tsiku limene cinthu cidzacitika cosalembedwa m'buku sadzadziwa pogwira. Kuwerenga munthu amakuphunzira kamodzi. Wodziwa kulumikiza zilembo m'Cinyanja sayambiranso pa Cipwitikizi. Amangofuna mau atsopano, ndipo mau amenewo ali kuwamva kale m'kalasi tsiku ndi tsiku. Cingerezi cidzapeza malo okonzedwa.

Tsopano za ndalama, pakuti kuzibisa kungakhale kunamiza ana. Kuphunzira ndege n'kodula kwambiri. Ola lililonse limalipidwa: mafuta, ndege ndi mphunzitsi. Banja lolima cimanga ndi mbatata silingakwanitse ndi zokolola za caka cimodzi kapena ziwiri. Ndiponso ciphaso coyamba sicilola munthu kulandira malipiro. Akhoza kunyamula abale ndi anzake, koma wofuna kulembedwa nchito afunika ciphaso caciwiri, ca maola 150 kapena 200. Ana ambiri oloza ndege sadzaiyendetsa. Zimenezi n'zoona. Njira zilipo, koma n'zopapatiza. Ena amalowera ku usilikali. Ena amalipiriridwa ndi kampani kapena boma. Ena amagwira nchito zaka zambiri n'kumagula ola limodzilimodzi. Njira zonsezi zimayamba ndi funso limodzi: kodi sukulu anamaliza? Pa bwalo la ndege palinso okonza injini, oongolera ndege ali pa nsanja ndi oyesa nyengo, ndipo iwonso amafunsidwa funso lomwelo. Mwana amene analimbikira masamu pofuna ndege, n'kudzakhala namwino, sanataye kanthu. Wotaya ndi uja anasekedwa n'kusiya kufunsa, makolo n'kumutulutsa m'kalasi yacitatu kuti akaweta ng'ombe.

Ku America kunali mtsikana wina dzina lake Bessie Coleman. Anabadwa mu 1892 ku Texas, m'banja losauka la anthu akuda, la ana 13. Ankayenda makilomita oposa 6 tsiku lililonse kupita ku sukulu ya cipinda cimodzi. Nthawi yokolola ankasiya kalasi kukathyola thonje. Masamu ankawadziwa bwino. Atakula anapita ku Chicago, kumene ankagwira nchito yokonza zikhadabo za anthu pa malo ometera. Anafuna kuphunzira ndege, koma sukulu za m'dziko lake zinamukana cifukwa anali wakuda ndiponso wamkazi. Sanasiye. Anasunga ndalama, anaphunzira Cifalansa ali wamkulu kale, anthu ena anamuthandiza, ndipo mu 1920 anaoloka nyanja kupita ku France. Pa 15 Junho 1921 analandira ciphaso. Ndiye mkazi wakuda woyamba kucilandira pa dziko lonse. Cilankhulo catsopano anaciphunzira ali wodziwa kale kuwerenga m'cilankhulo cake.

Nkhani yake ili ndi mathero owawa, ndipo ana ayenera kuwamvanso. Mu 1926, ku Jacksonville, anagwa kucokera m'ndege n'kufa. Sanamange lamba. Ndipo m'zotsala za ndegeyo munapezeka sipanala imene inatsekereza ziongolero. Cinthu cacing'ono coiwalika, cimene munthu akanacicotsa ndi zala ziwiri. Makolo akamaopa ndege sali opusa. Akulu a dziko lino sanaiwale 19 Outubro 1986, pamene ndege ya Presidente Samora Machel inagwa ku Mbuzini. Mantha amenewa ndi oyenera ulemu. Koma ndiwo anabala mndandanda uja, kabotolo ka mafuta kaja, ndi lamulo lakuti lamba amangidwe injini isanalire. Mu 2019, namondwe Idai ataononga Beira ndi Búzi, miseu itadulidwa ndi madzi, anthu amene anali pa madenga ndi m'mitengo anapulumutsidwa ndi mabwato ndi mahelikopita, ndipo cakudya ndi mankhwala zinafika kumeneko pa ndege. Amene ankaziyendetsa anali ana a anthu ena, amene makolo ao nawonso anaopa.

Agogo aja ananena kuti zimenezi n'za azungu. Kale zinali pafupi kutero. Koma mwezi wa Dezembro 2018 ndege ya kampani ya MEX inanyamuka ku Maputo kupita ku Manica, ndipo onse ogwira nchito m'menemo anali akazi a Moçambique. Woyendetsa wamkulu anali Admira António, mkazi woyamba m'dziko lino kufika pa udindo umenewo. Womuthandiza anali Elsa Balate. Iwonso anayamba ndi kandege kakang'ono, mphunzitsi ali kumanja. Ndipo kale kwambiri, ndege asanaikwere, anali ana a kalasi yoyamba, ophunzira kugwira pensulo.

Mwana akanena za ndege pa mphasa, bambo safunika kumulonjeza kanthu. Alibe ndalama, ndipo mwanayo mwina mawa adzafuna kukhala woyendetsa sitima. Bambo akhoza kungomufunsa kuti: "Nanga mphepo lero ikucokera kuti?" Mwana atuluke, aone utsi wa pa moto wa amai, aone masamba a mtengo wa mango. Abwere anene kuti ikucokera kum'mawa. Ndiye bambo afunsenso: "Tsono ndege yako inyamuka yoloza kuti?" Mwana akayankha, alembe yekha nambala ya msewu umenewo pa dothi ndi kamtengo, 0 ndi 9, moto usanazime.